Za agogo anu amene anamenya nkhondo ku Burma

Achemwali, pepani ndi imfa ya agogo. Mwafunsa zoti mulembe m'mbiri yawo yodzawerenga pa tsiku lovundukula chiliza, poti iwo sankakonda kukamba za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse imene anamenya nawo.

Ngati ankatchula Burma, ayenera kuti anali mu King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali la boma la Britain lomwe linalemba anyamata ambiri a ku Nyasaland. Asilikali a KAR anamenyana ndi Ataliyana ku Ethiopia mu 1941, ena anapita ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, kulimbana ndi Ajapani pakati pa mvula yosakata, matope ndi malungo. N'zosadabwitsa kuti ambiri atabwerako ankangoti duu. Fufuzani m'sutikesi mwawo. Kabuku kotulukira usilikali, ngati kalipo, kamasonyeza nambala yawo ndi gulu lawo.

Koma ine ndikupemphani, nkhondo isatenge mbiri yonse. Anabwerera kumudzi, anakwatira, analima, analera ana ndi zidzukulu. Khalani pansi ndi azakhali komanso anzawo akutchalitchi amene adakali moyo, mujambule mawu awo pafoni. Mu Novembala, pa tsiku lokumbukira asilikali, mudzapite ndi ana kuchipilala cha KAR ku Zomba.