Galimoto ikumwa mafuta, fani sikuima: kodi vuto ndi sensa?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera pa imelo kuti galimoto yake ikumwa mafuta kwambiri, ikutulutsa utsi wakuda, ndipo fani ya rediyeta ikungozungulira ngakhale injini isanatenthe. Makaniko wamuuza kuti agule sensa yoyeza kutentha kwa madzi a injini. Akufunsa ngati angogula.

Bambo, musathamangire kugula, iyeseni kaye. Zizindikirozo zikulozadi komweko, chifukwa sensa ikanamiza kompyuta ya galimoto kuti injini ikadali yozizira, kompyutayo imawonjezera mafuta ngati kuti galimoto yangolizidwa kumene. Koma waya wothothoka kapena pulagi yadzimbiri imabweretsa zomwezomwezo, ndipo sensa yatsopano singakonze waya.

Yambirani pa madzi. Akachepa, kapena mukatsalira mpweya, sensa imayeza mpweyawo m'malo mwa madzi. Chitsekero cha rediyeta mutsegule injini itazizira, apo ayi mupsa.

Kuyesa kumene ine ndimakudalira n'kwa m'mawa, galimoto itagona usiku wonse. Lumikizani makina a OBD2 (makina owerenga zomwe zili mu kompyuta ya galimoto) musanalize injini, muyerekeze kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa mu injini. Ziwirizi ziyenera kuyandikana. Makina akaonetsa -40°C, ndiye kuti penapake magetsi sakudutsa: waya waduka, pulagi yazuka, kapena sensa yafera mkati. Nthawi zambiri pa makinapo pamatuluka khodi (nambala yosonyeza vuto) ya P0118, ndipo galimoto zambiri zikatero zimayatsa fani osaizimitsa pofuna kuteteza injini. P0117 imaloza shoti. Ikakhala P0128, kayikirani kaye thermostat (kavalavu kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha) musanakayikire sensa.

Ngati makinawo mulibe, multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) ikwanira. Sensayi kawirikawiri imakhala pafupi ndi thermostat. Zulani pulagi, muyeze ma ohm pa timapini tiwiri ta sensa. Zambiri zimapereka ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa 20°C, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa 80°C, koma manambala enieni muone m'buku la galimoto yanu. Chachikulu n'chakuti atsike pang'onopang'ono injini ikamatentha. Akamalumphalumpha kapena akangoima pamodzi, sensa yatha. Kenako yatsani kiyi, muyeze ku pulagi: pakhale ma volt pafupifupi 5. Akasowa, londolani waya.

Geji ya pa dashibodi isakupusitseni. Galimoto zina zakale zili ndi kasensa kena ka waya m'modzi koyendetsa gejiyo, kotero imatha kuloza bwinobwino pamene sensa ya kompyuta inafa kalekale.