Kodi mwala wa aquamarine uli ndi poizoni?

FUNSO: Achimwene anga amakumba aquamarine kuno ku Mzimba. Ndamva kuti m'mwalamo muli chitsulo cha poizoni chotchedwa beryllium. Zoona? (Wowerenga, Mzimba)

YANKHO: Beryllium alimodi, koma mtima m'malo. Aquamarine ndi emerald wa ku Kafubu ku Zambia ndi mwala umodzi, beryl, amangosiyana mtundu. M'mwalamo beryllium amakhala womangika zolimba ndi aluminiyamu ndi silikoni, moti kuugwira kapena kuuvala pamphete sikuvulaza. Choopsa ndi fumbi la chitsulocho m'mafakitale, lomwe limayambitsa berylliosis, matenda osachiritsika a m'mapapo.

Kwa achimwene anuwo, ine ndikuopa kwambiri fumbi la quartz, mwala wina wolimba wa m'thanthwe, lomwe angalipume pophwanya thanthwelo. Azithira madzi pamene akukumbapo, azivalanso chotchinga mphuno chenicheni, osati kansalu.

Beryllium payekha n'chitsulo chodabwitsa. Anachitulukira Louis-Nicolas Vauquelin wa ku France mu 1798. N'chopepuka kuposa aluminiyamu, koma chovuta kupinda kuposa chitsulo cha njanji, ndipo sichipindika mwachisawawa kukazizira koopsa. N'chifukwa chake magalasi 18 a telesikopu (makina oonera zakuthambo) ya James Webb, yomwe inapita mumlengalenga mu 2021, ndi a beryllium wokutidwa ndi golide.