Za mawu akuti "stainless" pa mapoto aja

Achemwali, mwafunsa tanthauzo la "stainless steel" ndi "inox" zomwe mwaziona kunsi kwa mapoto omwe mukufuna kugula, komanso ngati n'zoona kuti sachita dzimbiri. Ndiyankhe ndine, poti ndinagulapo sinki yolembedwa mawu omwewa koma inatuluka timadontho tofiira chaka chisanathe.

"Stain" ndi banga kapena kuthimbirira, ndipo "less" ndiye kuti "chopanda". Angerezi mawu a "stain" anawabwereka ku Chifalansa chakale, "desteindre", kusulutsa mtundu wa chinthu. "Inox" nayo ndi Chifalansa, chidule cha "inoxydable", kutanthauza chosachita dzimbiri, koma chitsulo chake n'chimodzimodzi.

Dzina loti "stainless steel" linabadwira ku Sheffield ku England, mzinda wa osula mipeni. Mu 1913 Harry Brearley ankafunafuna chitsulo choti mipope ya mfuti isamaperepeseke msanga, ndiye anasakanizamo chitsulo china chotchedwa chromium, pafupifupi 13 peresenti. Mwiniwakeyo anachitcha "rustless steel", chitsulo chosachita dzimbiri. Ernest Stuart, wa pa fakitale ina ya mipeni, ataona kuti viniga sakusiya banga pa mpeni, ndiye anabweretsa dzina loti "stainless", ndipo lomweli ndi limene linamera mizu.

Chimene chimachitika n'chakuti chromium ikakumana ndi mpweya imapanga kachikopa kosaoneka ndi maso pamwamba pa chitsulo. Mukakakanda kamameranso kokha. Kuti zimenezi zitheke chromium isachepere 10.5 peresenti. Koma kachikopaka kali ndi adani ake, mchere ndi klorini. Sinki yanga ija ndinaipha ndekha, ndinkanyikamo matawulo m'mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi klorini usiku wonse.

Ndiye pogula musangokhutira ndi mawu a "stainless" okhawo, yang'anani manambala. 18/10, 18/8 kapena 304 ndiye mapoto abwino: 18 ndi peresenti ya chromium, nambala inayo ndi peresenti ya chitsulo china chotchedwa nickel, ndipo 304 ndi nambala ya mtundu wa chitsulocho. A 18/0 alibe nickel, a 201 ali nayo yochepa, n'chifukwa chake amatchipa. Ena amayesa ndi maginito, poti 304 sakakamira kwenikweni, koma yesani m'mbali mwa poto, chifukwa kunsi opanga ena amaikako dala chitsulo chogwira maginito.

Mukagula, stiliwulu ija tinazolowera kukwechera masefuliya muisiye. Imasiya tizitsulo tomwe timachita dzimbiri pa potopo. Siponji ndi sopo zakwana, ndipo mchere muzithira madzi atawira kale.