Musasaine musanadziwe kuti nyimbozo zidzakhala za ndani

Achemwali, mwalemba m'gulu muno za kontirakiti imene pulojusa akufuna musaine. Pepalalo lisiyeni kaye. Situdiyo yaulere, zimbale zitatu, ndiye nyimbo zonse zikhale m'manja mwa pulojusa? Ndawerenga zimenezo thupi langa lonse lachita tsembwe, chifukwa ndi mawu omwewo amene anandigwetsa ine. Ndaonanso mu ndemangamu wina akukulimbikitsani kuti musaope, eti ngakhale woimba Samantha Mumba anasaina akadali kamtsikana n'kutchuka dziko lonse. Kutchuka anatchukadi. Koma nkhaniyo mwaidulira pakati.

Samantha ndinkamukonda kwambiri. Anabadwira ku Dublin mu 1983, mayi ake a ku Ireland konko, bambo ake a ku Zambia, ndiye ndi dzina la Mumba limenelo ife kuno tinkangoti ndi mwana wathu. Ali ndi zaka 15 anaonekera pa mpikisano wa maluso pa kanema ya RTÉ, ndipo Louis Walsh, mkulu uja ankayang'anira magulu oimba a Boyzone ndi Westlife, anamutenga n'kumupezera kontirakiti ku kampani yotulutsa nyimbo ya Polydor. Nyimbo yake yoyamba, Gotta Tell You, inatuluka mu 2000 iye ali ndi zaka 17 zokha. Ku Ireland inakhala nambala 1, ku Britain nambala 2, ku America nambala 4. Chimbale cha dzina lomwelo chinatuluka chaka chomwecho ndipo chinakafika m'gulu la zimbale 10 zapamwamba ku Britain. Mu 2002 anali kale mu filimu ya The Time Machine pamodzi ndi Guy Pearce. Mpaka pamenepo aliyense amaidziwa.

Nanga chimbale chachiwiri? Chaka chomwecho cha 2002 anatulutsa I'm Right Here ndi Damian Marley, inafika nambala 5 ku Britain, koma ku America sinayende ngati yoyamba ija. Chimbale chimene chinkayenera kutsatira, chotchedwa Woman, kampani inangochisunga osachitulutsa, kenako n'kusiyana naye. Mu 2006 kunangotuluka chimbale chosonkhanitsa nyimbo zakale. Munthu woti wagwedeza America asanakwanitse zaka 18, ali ndi manejala wamphamvu kuposa onse ku Ireland, ntchito yake n'kutsekeredwa m'kabati chifukwa mwini ndalama wati basi. Ndiye inu ndi ine?

Ine zanga zinali zazing'ono koma ululu wake sindinauiwale. Amene anandisainitsa ineyo sindiwatchula, ena m'gulu muno mukuwadziwa ndipo chonde musawalembe. Situdiyo yawo inali mu kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, makoma atamata matireyi a mazira ndi mabulangete. Anandimva ndikuimba pa ukwati, anati mawu anga ndi osowa, azindijambula ulere, ndalama tidzagawana chimbale chikatuluka. Pepala anandipatsa ndili chiimire, cholembera chili kale m'manja mwawo, akuti ndi mwambo chabe. Ulere wake unali wa chipinda chokha. Woimba gitala ndinkalipira ndekha. Woimba kiyibodi ndekha. Magetsi akazima mafuta a jenereta ndinkagula ine. Ndalama zimenezo ndinabwereka ku banki mkhonde, mayi anga ndi amene anandiimira pamaso pa amayi anzawo.

Nyimbo tinamaliza zonse. Ndiye kunayamba mawa mawa. Lero akuti akumikisa, mawa kompyuta yavuta, mkuja akudikira munthu wa chikuto. Foni anayamba kusayankha.

Tsiku lina ndakwera minibasi ndikuchokera ku ntchito, ndakhala mpando wa kumbuyo, jumbo ya tomato ili pa miyendo. Dalaivala anakweza wailesi. Gitala itangoyamba ndinaizindikira, chifukwa kaimbidwe kameneko tinapanga ndi mnyamata wa gitala uja titakhala pa khonde la kwathu. Mtima unagunda, ndinati mwina andichitira zabwino mondidzidzimutsa. Kenako vesi inayamba, mawu a mtsikana wina. Nyimbo imene ndinalembera malemu agogo anga, mawu ake onse osasintha ngakhale limodzi, ikutuluka pakamwa pa munthu amene sindinamuonepo. Kolasi itafika ndinadzimva ndekha. Sanavutike n'kufufuta mawu anga othandizira aja, anangowatsitsa pang'ono n'kuika a mnzangayo pamwamba. Pali malo amodzi pomwe ndinapuma mochedwa, ndinawapempha kuti tibwereze iwo n'kukana kuti sizikumveka. Mu minibasi muja kupuma kumeneko ndinakumva bwinobwino. Mayi amene anakhala pambali panga ankagwedeza mutu akutsatira nyimboyo. Kondakitala akundiuza kuti ndalama asisi, ine ndangoti kukamwa yasa, misozi ili chuchuchu. Ndinapitirira siteji yanga osadziwa, tomato yense nditamufinya.

Ndinapita komweko madzulo omwewo. Ndinawapeza akudya chipisi pa tebulo la makina, sanaimirire n'komwe. Anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala lija, n'kuloza ndi chala chamafuta pamene panalembedwa kuti zonse zojambulidwa mu situdiyomo ndi zawo ndipo angazigwiritse ntchito mmene afunira. Anati ine sindinkagulitsika, ndilibe maonekedwe a pa vidiyo, ndiye nyimbo zabwino zisafe chifukwa cha ine. Ndinagwada pansi, achemwali, ndikupempha kuti andipatseko mafayilo a nyimbo zotsalazo pa fulashi. Anaseka, akuti ndibwere ndi ndalama za maola onse amene ndinakhala mu situdiyo. Ulere uja unathera pamenepo.

Anthu amenewa ndi akuba, ndipo chimandinyansa n'choti amayenda mwaulemu, pa zochitika amawapatsa mpando wa kutsogolo, amalankhula pa wailesi za kutukula luso la achinyamata. Amasankha dala ana osauka, makamaka atsikana, odziwa kuti sangapeze loya ndipo akadandaula anthu adzati ankafuna chiyani kumeneko. Mtsikana amene anaimba nyimbo yangayo sindimuda, ndikukhulupirira anamuuza kuti analemba ndi iwowo, ndipo nayenso masiku ano samveka. Koma ngongole ya ku banki mkhonde ndinabweza ndekha, mayi anga akunyozedwa pa msonkhano uliwonse. Bambo amenewo sanandiimbirepo foni ngakhale kungoti pepani.

Ndiye mverani. Pa nkhani ya Samantha pali chinthu chimodzi chimene chinachitika bwino, ndipo n'chimene muyenera kutengera. Pa Gotta Tell You dzina lake lili pa olemba nyimbo, pamodzi ndi Anders Bagge ndi Arnthor Birgisson amene anagwira naye ntchito ku Sweden. Kampani ingathe kukhala ndi zojambulidwazo, koma gawo la wolemba limakhala lake, nyimbo ikaseweredwa amalandirako kanthu. Kumeneko amalemba chilichonse. Nyimbo yake ya Body II Body inatengako kachidutswa ka Ashes to Ashes ya David Bowie, ndipo dzina la Bowie linalembedwa pa olemba. Kuno munthu amakutengera nyimbo yonse ndi mawu ako omwe, dzina lako osaoneka paliponse. Choncho musanalowe mu situdiyo ya munthu, nyimbo zanu zikalembetseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, anzathu a ku Zambia muli ndi ZAMCOPS. Ziimbeni pa foni, mudzitumizire pa imelo kuti tsiku lioneke. Kope limene mumalembamo lisungeni kunyumba, osalisiya ku situdiyo.

Zimbale zitatu musavomere. Kumeneko n'kugulitsa munda pamodzi ndi chimanga choti simunadzale n'komwe. Auzeni chimodzi, ndipo palembedwe kuti chikapanda kutuluka pofika mwezi wakutiwakuti, mafayilo onse abwerere kwa inu ndipo ndinu omasuka kupita kwina. Palembedwenso kuti palibe woimba wina angaimbe nyimbo zanu popanda inu kuvomera, ndiponso kuti ulerewo ukutanthauza chiyani, oimba zida alipira ndani, vidiyo alipira ndani, nanga ndalamazo adzazidula kwa inu kapena ayi. Pepalalo mupite nalo kunyumba, aliwerenge munthu wodziwa malamulo. Akakana kuti lisatuluke mu situdiyo, nyamukani.

Komanso sindikunamizeni kuti kuyenda wekha n'kokoma. Chichokereni kumene kuja ndakhala ndikudzijambulitsa ndekha, nyimbo imodzi imodzi ndalama zikapezeka, zonse ndi zanga, koma zimangomvedwa ndi anzanga a pa WhatsApp ndi a kutchalitchi. Wailesi siikudziwa ngati ulibe wokukankha. Samantha popanda Louis Walsh ndi Polydor sitikanamumva kuno, ndipo dzina limene anapanga ndi chimbale chimodzi chija ndi limene likumuyendetsabe, mu 2025 anapikisana nawo kuti akaimire Ireland ku mpikisano wa nyimbo wa Eurovision anthu akumukumbukirabe. Ndiye ngati pulojusa wanuyo alidi ndi njira zolowera ku mawailesi, ndipo mwaona ndi maso anu oimba amene anawatulutsa, musawathawe, mwayi woterewu subwera kawirikawiri. Ngakhale atakana zina mwa zimene ndanenazi, bola avomere za dzina lanu ndi za kubweza mafayilo, sainani. Koma kaye fufuzani oimba awiri kapena atatu amene anadutsa m'manja mwawo, makamaka amene anachokako, muwafunse pambali kuti nyimbo zawo zili kuti. Ndipo popita kukakambirana musapite nokha, tengani malume kapena achimwene anu. Mukafuna, jambulani tsamba limene likunena za umwini wa nyimbo, mubise maina, munditumizire ku inbox ndilione usiku uno.