Yankho kwa owerenga amene apeza Ford Mustang ya 1966 ya denga lopinda

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa bambo ena a ku Blantyre amene agula kwa m'bale wawo wa ku Johannesburg galimoto ya Ford Mustang ya 1966, ya denga lansalu lopinda, yomwe yakhala itaimikidwa m'galaja kwa zaka zambiri osalizidwa. Galimotoyo idafika kale kuno itanyamulidwa pa lole, ndipo iwo akufunsa ngati ayambe ndi injini kapena penti, ngati nkwanzeru kuikamo injini ya Toyota yosavuta zipangizo, komanso ngati angasamutse chiwongolero kuti chikhale kumanja monga zilili galimoto zathu.

Bambo, pepani kuti ndikubwezani m'mbuyo pang'ono, koma musayambe ndi injini ndipo musayambe ndi penti. Choyamba dziwani bwinobwino chomwe mwagula. Tsegulani boneti ndipo muyang'ane pa chitsulo cham'kati cha mbali yakumanzere, pamwamba pa tayala lakutsogolo, pomwe kampani idadinda nambala ya galimotoyo. Nambalayi ikuyenera kuyamba ndi 6, kusonyeza chaka cha 1966, kenako chilembo cha fakitale: F ndi Dearborn, R ndi San Jose, T ndi Metuchen. Zikatero pabwere 08, umene ndi umboni woti galimotoyo idapangidwa ili ya denga lopinda. Mukapeza 07, ndiye kuti wina adachita kudula denga lachitsulo, ndipo galimoto yotere ndi yofooka thupi komanso yotsika mtengo kwambiri. Chilembo chachisanu chimanena za injini: T ndi ya masilinda 6, pomwe C, A ndi K ndi mitundu ya injini ya masilinda 8 (V8) yotchedwa 289, ya malita 4.7. M'chaka chimenecho Ford idapanga Mustang zoposa 600,000, mwa izo 72,119 zinali za denga lopinda, choncho ku America si galimoto yosowa kwenikweni, koma ikakhala ya chilembo K ndiye mwagwira chinthu chamtengo wapatali chomwe simuyenera kusintha ngakhale bawuti imodzi mwachisawawa. Onetsetsaninso kuti nambala imeneyi ikufanana ndi ya pa mapepala a MRA musanawonongepo ndalama, chifukwa nambala zikasiyana mudzavutika polembetsa galimotoyo ku Road Traffic ntchito yonse itatha kale.

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni, yomwe ndi dzimbiri. Mustang ilibe chesisi yapayokha ngati ya lole kapena ya pikiapu. Thupi lake lomwelo ndiye mafupa ake. Pa galimoto ya denga lachitsulo, dengalo limathandiza kugwira kutsogolo ndi kumbuyo, koma pa yanuyi mphamvu yonse ili pansi, m'zitsulo zazitali zomwe zili kunsi kwa zitseko, m'timabokosi tachitsulo tomwe tili kumbuyo kwa matayala akutsogolo, ndi m'zitsulo zolimbitsa pansi pa mipando. Zimenezi zikadyeka, galimoto imakhota pakati pang'onopang'ono ngati mtanda wa denga wofumbwa ndi chiswe, kunja kukuoneka bwinobwino. Chizindikiro chake chimaoneka pa zitseko. Imani chapatali n'kuyang'ana mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi lakumbuyo: ukakhala wothina pamwamba koma wotakasuka pansi, kapena chitseko chikamafuna kuchinyamula kuti chitsekeke, dziwani kuti pansi pafooka.

Madzi omwe amawononga galimotozi nthawi zambiri amalowera pa timipata tolowetsa mpweya tomwe tili pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo. Masamba ndi fumbi zimaunjikana m'katimo, zimasunga chinyezi, chitsulo chimabooka, ndipo madzi amayamba kudonthera pa kapeti. Chotsani mipando ndi kapeti yense, wina athire ndowa ya madzi pa timipatato inu mutagona chagada pansi pa dashibodi ndi tochi. Mukaona madzi akutsetsereka, ntchito yoyamba ndi imeneyo, ndipo ndi yowawa chifukwa pamafunika kuboola malo ambirimbiri owotcherera kuti chivundikiro chake chichoke. Ambiri amaizemba, amangoika chitsulo chatsopano pansi, ndipo dzinja likabwera kawiri katatu pansipo pamawolanso. Yendetsaninso maginito m'thupi monse, makamaka m'mbali mwa matayala akumbuyo. Pomwe maginito akukana kugwira, pali phala lomatira lomwe wina adabisira zibowo.

Pa kuwotcherera ndikupemphani kuti mumve bwino mawu anga, chifukwa apa ndi pomwe galimoto zambiri za mtundu uwu zimafera. Amisiri athu owotcherera ndi aluso, koma ambiri adazolowera mageti, mawindo ndi malole, ndipo amafulumira kudula chitsulo chowola chonse nthawi imodzi. Pa galimoto yopanda denga lachitsulo zimenezo n'zoopsa. Asanadule kalikonse, galimoto ikhale pamalo osalala itachirikizidwa mofanana, awotcherere mapaipi achitsulo modutsa pa khomo lililonse komanso mopingasa m'kati, ndipo akonze mbali imodzi n'kuimaliza asanakhudze inayo, akuyesa chitseko nthawi ndi nthawi. Chitsulo cha thupi n'chopyapyala, choncho pamafunika makina owotcherera ndi waya wopyapyala otchedwa MIG. Ndodo zowotcherera mageti zimangochiboola. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mmisiri amene akukulonjezani kumaliza gawo ili m'sabata imodzi musampatse galimotoyo.

Za injini ya Toyota, yankho langa ndi lakuti ayi. Injini ya Mustang imeneyi, kaya ndi ya masilinda 6 kapena 289, ndi yosavuta kuimvetsa, ilibe kompyuta, ndipo makaniko aliyense amene adagwirapo kabuleta akhoza kuikonza. Zipangizo za Mustang za zaka zimenezi zikupangidwabe zatsopano ku America, kuyambira magasiketi mpaka zitsulo za thupi, moti vuto lanu lidzakhala mtengo wotumizira ndi msonkho, osati kusowa kwake. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba zonse zofunika n'kuitanitsa pamodzi. Injini yomwe yagona zaka musailize ndi batire tsiku loyamba. Chotsani mapulagi, thirani oilo pang'ono m'silinda iliyonse, dikirani masiku angapo, kenako muizungulize ndi dzanja pogwiritsa ntchito sipanala. Gulani masipanala a mainchi, pakuti a mamilimita amawononga mitu ya mabawuti a galimotoyi. Kumbukiraninso kuti petulo wathu adasiyana ndi wa 1966. Kuyambira 1982 dziko la Malawi limasakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala ndi timalabala ta m'kabuleta ndi m'pampu ya mafuta, choncho zonsezi zisinthidwe. Petulo wokhala ndi mtovu adasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa mu 2006, ndipo ngati mitu ya injini ichotsedwa, ndi nthawi yabwino yoikamo timikombero tachitsulo tolimba tomwe mavavu amakhalapo, kuti tipirire petulo wopanda mtovu. Thanki yochita dzimbiri isinthidwe ndithu, makamaka chifukwa pa Mustang pamwamba pa thanki ndi pomwe pali pansi pa buti.

Pali kusintha kumodzi komwe ndimalimbikitsa ngakhale kwa okonda zachiyambi. Mustang ya 1966 ili ndi pampu ya mabuleki ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse anayi amatha nthawi yomweyo. Kuyambira 1967 Ford idayamba kuika ya zipinda ziwiri, ndipo imeneyi ikhoza kuikidwa pa yanu popanda kuwononga maonekedwe. Munthu wotsika mapiri a ku Thyolo kapena msewu wa Chikwawa sayenera kudalira paipi imodzi yokalamba.

Chiwongolero chisiyeni kumanzere. Ford sidapange Mustang ya chiwongolero chakumanja m'fakitale yake mpaka 2015, choncho kusamutsa kumafuna kudula dashibodi ndi khoma la injini, ndipo kumatsitsa mtengo wa galimoto. Funsani a Road Traffic zomwe akufuna polembetsa galimoto yotere, ndipo muzisamala popitirira malole, chifukwa mutakhala kumanzere simuona bwino zomwe zikubwera kutsogolo.

Denga lansalu ndi penti zibwere pomaliza. Ngati denga lanu ndi loyendera magetsi, pampu yake ili kuseri kwa mpando wakumbuyo ndipo imakankha masilinda awiri. Yang'anani ngati sakudontha ndipo muwongole mafupa a dengalo musanaikepo nsalu yatsopano. Nditumizireni zithunzi za nambala ija, za mipata ya zitseko zonse ziwiri ndi za pansi mutachotsa kapeti, kuti tione pamodzi kukula kwa ntchito yowotcherera musanaitanitse kalikonse.