Buku la The Shining kapena filimu yake: chiti choopsa kwambiri?

Achemwali ena anditumizira imelo sabata yatha, akuti anaonera The Shining pa laputopu ya mng'ono wawo ndipo filimuyo inawasowetsa tulo, koma mnzawo wa ku ntchito akulimbikira kuti filimuyo ndi zachabechabe poyerekeza ndi buku lake, ndipo ngakhale mwini bukulo sanaikonde. Funso lawo ndi loti: zoona zimenezi? Nanga mabuku oopsa amaposa mafilimu ake nthawi zonse?

Achemwali, ndikuchenjezeni kaye kuti ndiulula mathero a nkhanizi, ndiye amene sanawerenge asadzandida.

Mbali yoti mwini buku sanaikonde filimuyo ndi yoona ndithu. Stephen King anatulutsa bukuli mu 1977, Stanley Kubrick anapanga filimu mu 1980, ndipo King wakhala akudandaula nayo kwa zaka zambirimbiri poyera. Koma zoti filimuyo ndi yachabechabe, ayi, apo mnzanuyo wapitirira malire. Chimene chinachitika n'choti anthu awiriwa anafotokoza nkhani ziwiri zosiyana, kungoti mayina a anthu ndi hotela ndi omwewo.

Mu buku, Jack Torrance ndi bambo woti umamumvera chisoni. Anali chidakwa, anathyolapo mkono wa mwana wake Danny ataledzera, anachotsedwa ntchito ya uphunzitsi atamenya mwana wa sukulu, ndiye ntchito yolondera hotela ya Overlook nthawi ya chisanu ndi mwayi wake womaliza woti akonze banja lake. Munthuyo akuyesetsa, mowa anasiya, mkazi wake amamukonda, ndiye iwe wowerenga umakhala m'mutu mwake tsamba ndi tsamba ukuona mmene hotelayo ikumudyera pang'onopang'ono, kumukumbutsa za bambo ake ankhanza, kumunong'oneza kuti mkazi wako amakunyoza, mpaka umafika poti maganizo ake oipawo ukuyamba kuwamvetsa, ndipo apa ndi pamene tsemwe limabwera. King mwiniwake ananenapo poyera kuti naye anavutika ndi mowa, ndiye nkhaniyi inali yochokera pansi pa mtima.

Tsopano taonani Jack Nicholson, amene akusewera Jack Torrance mu filimu. Akungolowa muofesi kukafunsira ntchito, nsidze zija, kamwetulidwe kaja, iwe wadziwa kale kuti bambo uyu mutu sukuyenda bwino. Palibe kugwa chifukwa munthuyo anagwa kale. Dandaulo lalikulu la King ndi limeneli, kuphatikizapo la Wendy, mkazi wa Jack, amene mu buku ndi mayi wolimba mtima woganiza bwino, koma mu filimu Shelley Duvall, amene akusewera Wendy, nthawi zambiri akungonjenjemera ndi kukuwa. Apa ine ndimagwirizana naye King theka lokha, chifukwa Wendy wa mu filimuyo ndi amene anamumenya Jack ndi chibonga cha baseball n'kumukokera m'chipinda chosungira zakudya n'kumutsekera, ndiye mantha ali nawo inde koma sikuti ndi chitsiru.

Zinthu zambiri zimene anthu amakumbukira akamva The Shining mu buku mulibemo, eti. Magazi osefukira kuchokera mu elevator mulibe. Atsikana awiri oima m'kholido akuitana Danny mulibe. Mapepala aja Wendy anawapeza Jack atataipa chiganizo chimodzimodzi kambirimbiri mulibenso. Nkhwangwa? Mu buku Jack ananyamula chinyundo chosewerera masewera otchedwa roque. Chipinda choopsa mu buku ndi 217, nambala ya chipinda chimene King anagona ku Stanley Hotel ku Colorado mu 1974, koma mu filimu ndi 237 chifukwa eni Timberline Lodge ku Oregon, kumene anajambula kunja kwa hotelayo, ankaopa kuti alendo azikana kugona mu 217. Dick Hallorann, wophika wa pa hotelayo, mu buku amapulumuka n'kuthandiza mayi ndi mwana kuthawa, mu filimu angofika kumene basi nkhwangwa pachifuwa. Ndipo mathero ndi osiyaniratu: kwa King, Jack amaiwala kuchepetsa mphamvu ya boila yotenthetsa hotelayo, boila n'kuphulika hotela yonse n'kupsa, ndipo asanafe amatsitsimuka kamphindi n'kuuza mwana wake kuti athawe. Kwa Kubrick, Jack amasochera m'njira zokhotakhota za mpanda wa mitengo n'kuuma ndi chisanu, osalapa, osatsanzika.

Ndiye mungafunse kuti bwanji osangojambula zonse monga zilili m'buku? Zinayesedwa achemwali. Mu 1997 King analemba yekha sewero la pa TV la magawo atatu, wotsogolera anali Mick Garris, Jack anali Steven Weber, anajambulira ku Stanley Hotel komweko, ndipo linatsatira buku mokhulupirika kwambiri. Koma funsani anthu khumi okonda mafilimu oopsa, angati amalikumbukira? Mu buku muli mitengo yometedwa ngati nyama, mikango, galu, kalulu, yomwe imasuntha ukayang'ana kumbali, ndipo powerenga zimenezi ine zinandizizira nkhongono. Pa TV atazipanga ndi kompyuta zinangokhala zoseketsa. Zili ngati nthano za afiti zimene agogo ankasimba usiku, mfitiyo unkaijambula wekha m'mutu ndi zinthu zimene iweyo umaopa, koma wina akabwera atavala chinyawu choti ndi mfitiyo, mantha theka amatha pompo.

Buku limakulowetsa m'maganizo a munthu, kamera singathe zimenezo, imangoona nkhope ndi makoma. Ndiye wopanga filimu wanzeru amasiya zimene sangakwanitse n'kufuna zida zake. Kubrick anatenga kamera ya Steadicam, yojambula osagwedezeka ngakhale woinyamula akuyenda, yomwe nthawi imeneyo inali yatsopano, n'kumatsatira Danny kumbuyo ali pa kanjinga kake, matayala akuti phokoso pa thabwa, zii pa kapeti, phokoso, zii, iwe mtima uli m'mwamba kudikira chimene chili pakona. Ndiuzeni mmene munthu angalembere zimenezo papepala n'kumveka chimodzimodzi.

Sikuti ndi King yekha. Ring ya ku Japan, buku la Koji Suzuki la 1991, limayenda ngati nkhani yofufuza, mtolankhani wamwamuna akusakasaka gwero la tepi ya vidiyo yomwe ukaonera umafa pakatha masiku asanu ndi awiri. Hideo Nakata mu filimu ya 1998 anasintha mtolankhaniyo kukhala mkazi, n'kuwonjezera mzukwa wa mtsikana Sadako akukwawa kutuluka mu TV tsitsi litaphimba nkhope, zomwe mu buku mulibe, koma ndi zomwezo dziko lonse limakumbukira. Apa ine ndinganene mosaopa kuti filimu inaposa buku pa nkhani ya kuopsa.

The Haunting of Hill House, buku la Shirley Jackson la 1959, ndiye limaonetsa mbali zonse. Robert Wise mu filimu yake ya 1963 sanaonetse mzukwa ngakhale umodzi, kugogoda kokha usiku ndi chitseko chikufufuma ngati chikupuma, ndipo mpaka lero imaopsabe. Ya 1999 anadzazamo mizukwa ya pa kompyuta, ndalama zambiri mantha ziro. Kenako Mike Flanagan mu 2018 pa Netflix anangotenga nyumbayo ndi mayina, anthu osadziwana a mu buku anawasandutsa ana a banja limodzi, magawo khumi, ndipo inagwira mtima chifukwa TV ili ndi nthawi yokwanira yoti uwadziwe anthuwo monga buku limachitira.

Ndiye kwa inu amene filimu mwaonera kale, pezani bukulo muwerenge, simudzaona ngati mukubwereza, kungoti nkhope ya Nicholson izikuvutitsani masamba oyambirira, pirirani ichoka. Ya 1997 mutha kuidumpha pokhapokha ngati muli ndi bandulo yotaya. Mukamaliza onerani Doctor Sleep ya 2019, ya Flanagan yemweyo, Ewan McGregor akusewera Danny atakula naye akulimbana ndi mowa. Buku lake King analitulutsa mu 2013 ndipo mmenemo hotela inapsa kalekale, koma mu filimu Flanagan anaisiya ili chiimire monga Kubrick anaisiyira, n'kudzaiwotcha kumapeto ndi boila yomwe ija, ndipo King filimu imeneyi anaivomereza. Mnzanu wa ku ntchitoyo mumuuze aonere nanu limodzi.