Za zipilala za pa bwalo la nkhondo la Gettysburg

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu lofuna kudziwa chimene zipilala za asilikali a kumpoto zinachulukira chotere ku Gettysburg pamene za a kummwera zili zowerengeka, komanso ngati ndi zoona kuti miyendo ya akavalo osemedwa imanena zimene zinamuchitikira wokwerapo.

Nkhondo ya pa Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania, inamenyedwa kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julaye 1863, mkati mwa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera, ndipo asilikali pafupifupi 51,000 anaphedwa, kuvulala, kugwidwa kapena kusowa. Lero pamalopa pali zipilala ndi zikwangwani zoposa 1,300, koma zambiri anaziimika ndi asilikali a kumpoto omwe anapulumuka, makamaka m'zaka za m'ma 1880, pothandizidwa ndi ndalama za maboma a zigawo zawo. Iwowa ndiwo anapambana, malowo anali kwawo, ndipo bungwe loyang'anira bwaloli, limene linakhazikitsidwa mu 1864, linali m'manja mwawo mpaka boma lalikulu litatenga udindowu mu 1895. Anzawo a kummwera anatuluka m'nkhondo ali amphawi, ndipo sanaone chifukwa chowonongera ndalama pokumbutsa anthu za malo amene anagonjerapo.

Panalinso lamulo lina limene ambiri saliganizira. Gulu lililonse linkayenera kuimika chipilala chake pamzere pamene linaima pomenya nkhondo, osati pamene linakafika pothamangitsa adani. Kwa a kummwera zimenezi zinatanthauza kubwerera ku Seminary Ridge, chitunda chimene anayambirapo kuukira, kutali ndi khoma la miyala pamene anzawo ambiri anagwera tsiku lachitatu, ndipo sanakondwere nazo. Ngakhale a kumpoto omwe anakangana pa lamuloli, moti gulu la 72nd Pennsylvania linakafika nalo ku khoti lalikulu la chigawocho, ndipo linapambana mu 1891. Chigawo choyamba cha kummwera kuimika chipilala chinali Virginia mu 1917, patapita zaka 54, ndipo pamwamba pake pali Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a kummwera, atakwera kavalo wake Traveller. Ine ndimaona kuti powerenga mawu olembedwa pa zipilala za kummwera ndi bwino kuyamba mwayang'ana chaka chimene anaziimika, chifukwa zambiri zimatamanda kulimba mtima koma za ukapolo, umene unali gwero la nkhondoyo, sizitchulako.

Za akavalo, nkhani yoti miyendo iwiri yokwezedwa imatanthauza kuti wokwerapo anaphedwa, umodzi kuti anavulala, ndipo yonse pansi kuti sanavulale, imakoma pokamba koma si lamulo. Mwa akuluakulu a asilikali a kumpoto, kavalo wa John Reynolds, yemwe anaphedwa tsiku loyamba, wakwezadi miyendo iwiri, wa Winfield Hancock yemwe anavulala wakweza umodzi, ndipo wa George Meade yemwe sanavulale waponda yonse inayi pansi. Koma kavalo wa James Longstreet wa kummwera, amene chiboliboli chake anachiimika mu 1998, wakweza mwendo umodzi chonsecho mkuluyu sanavulale pa Gettysburg.

Mukadzapita, musathere nthawi yonse pa chipilala chachikulu cha Pennsylvania cha mu 1910, ngakhale kuti mayina a asilikali oposa 34,000 olembedwa pa mkuwa ndi ochititsa chidwi. Muyang'anenso timiyala tating'ono tobisika m'udzu kumanja ndi kumanzere kwa chipilala cha gulu, chifukwa ndito timasonyeza pamene mzere wa asilikaliwo unayambira ndi pamene unathera, ndipo mukayenda kuchoka pa kamodzi kukafika pa kanzake mudzadabwa kufupika kwake. Pa chipilala cha 11th Pennsylvania muzungulire ku mbali yoyang'ana kumene kunachokera adani, ndipo m'munsi mwake mudzapeza kagalu ka mkuwa katagona, dzina lake Sallie, kamene nkhondo ya pa Gettysburg itatha anakapeza kali pakati pa ovulala ndi akufa a gululo.